Kusiyana kwa nthano ndi nkhani zochitikadi: mmene tingathandizire ana athu powerenga

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera kuno. Ndiyambe chonchi: padangokhala!

(Anthu: Tilitonse!)

Mwaonatu. Palibe amene wandifunsa kuti zinachitika chaka chanji kapena m'mudzi mwa yani. Mukangomva "padangokhala" mumadziwa kuti Kalulu alankhula ndipo Fisi apusitsidwa. Nthano zoterezi kusukulu ana athu amazitcha nkhani zopeka. Wolemba amaumba yekha ampangankhani, n'kuwapatsa mayina, kuwakwatitsa, ngakhale kuwapha kumene. Koma chonde musamauze mwana kuti akutaya nthawi ndi zabodza. Fisi wa m'nthano sanakhaleko, inde, koma dyera lakelo tonse tinaliona ndi maso athu pogawana ndiwo pamaliro.

Tsopano ndikanena kuti John Chilembwe, wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anaukira atsamunda mu Januwale 1915, pamenepo muli ndi ufulu wondifunsa kuti ndazitenga kuti. Ndikati 1925, ndalakwa, ndipo mwana wa Sitandade 6 andikonze. Nkhani yochitikadi imayenera kupirira mafunso: ndani, liti, kuti, wanena ndani?

Munthu mmodzi akhoza kulemba mitundu yonse iwiri. Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani yopeka imene inatuluka mu 1933. Yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa, ndipo pamenepo anayenera kukhala pansi ndi akuluakulu n'kumawafunsa.

Ndikhalitse pang'ono pa kawerengedwe, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amavutika. Nthano timaiyamba koyambirira mpaka kumapeto; mukadumpha pakati, simudziwa chimene Kalulu akuthawira. Koma taonani kabuku ka ulimi ndanyamulaka. Aka sitiwerenga ngati nthano ayi. Ndikufuna za chimanga, ndiye nditsegula tsamba la zamkatimu, chala changa chitsike pamndandanda mpaka chipeze "Chimanga", ndione nambala ya tsamba, basi ndapita. Pamenepo ndipeza mutu waukulu, pansi pake timitu ting'onoting'ono: kukonza munda, kubzala, kuthira feteleza. Ichi chithunzi cha mizere. Timawu tating'ono tili pansi pa chithunzi ambirife timatidumpha, pamene ndi timene tikunena kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, kabzalidwe kaja timakatcha Sasakawa. Amene wadumpha timawu timeneti abzala mmene anazolowera, n'kudzadabwa pokolola.

Mawu olembedwa mokuda kwambiri ndi wolemba akukukodolani kuti, apa imani kaye. Kawirikawiri tanthauzo lake limakhala kumapeto kwa buku, pamndandanda wa mawu ovuta. Mapu ndi matchati nawonso amawerengedwa, si zokongoletsera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi, abale anga. Masiku ano pa WhatsApp pamabwera uthenga wovala bwino, wokhala ndi mutu, chithunzi ndi manambala, wonena za mankhwala ochiza matenda onse. Nthano ya agogo imadziulula yokha poyamba pomwe. Uthenga uwu sudziulula. Mulibe dzina la wolemba, mulibe tsiku, mulibe kumene wachokera. Mwana amene wazolowera kuyang'ana zinthu zimenezi m'buku adzaziyang'ananso pafoni, ndipo tsiku lina adzakuletsani inuyo kumwa chinthu choopsa.

Choncho mwana akabwera ndi buku madzulo ano, ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mufunseni kuti, "Kodi zimenezi zinachitikadi? Wadziwa bwanji? Tandionetsa." Akuonetseni ndi chala chake.

Tiyeni tiyesere pompano. Amayi mwakhala kutsogoloko, landirani kabukuka, mutsegule zamkatimu, mutiuze kuti mtedza uli patsamba lanji.