Mphwanga, thako la mfuti yakoyo si mtengo

Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndiye wagula mfuti ija ya thako la carbon fiber? Chabwino. Ndili pa minibasi kuchokera ku Chilenje, phokosoli upirire.

Usanaigwire kwina kulikonse, chotsa zipolopolo, tsegula bolt, kachitsulo kokankhira chipolopolo kaja, usuzumire mkati. Wamva? Tiyambe tsono.

Thako limenelo ndi ulusi wa kaboni woumbidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, ndipo mkati nthawi zambiri amathiramo thovu louma kuti lipepuke. Mvula ya mu Januwale silitupitsa ngati lija la mtengo la atate, limene linkafufuma mpaka chipolopolo kumagwera pambali. Koma lili ndi khalidwe lake: silipindika, limang'aluka. Likagwera pa mwala wosongoka, kunja kumaoneka bwinobwino pomwe mkati zigawo zamatuka. Ndiye ukabwerako kutchire, tenga ndalama yachitsulo ya K1, uzigogoda pang'onopang'ono kuyambira kophewa mpaka kutsogolo. Pabwino pamalira kuti ke! ke! Pakalira phu! ngati chikho chosweka, usawomberenso, pita nayo kwa wokonza mfuti. Makamaka uyang'ane pogwirira dzanja, kuseri kwa trigger, pamene pali powonda.

Kupukuta n'kosavuta. Madzi, sopo pang'ono, kansalu kofewa, basi. Acetone, thinner, kaya mankhwala otsukira mabuleki, ayi, zimadya utoto wa pamwamba. Mafuta a mfuti ndi opaka pa chitsulo pokha, asatsikire pansi pomwe chitsulo chakhala pa thako.

Dzuwa nalonso. Ukamapita ku Luangwa pa Great East Road mu Okutobala, usaisiye m'galimoto yotseka mawindo tsiku lonse, epoxy sagwirizana ndi kutentha kotero. Iike m'chikwama chake, pamthunzi.

Zomangira ziwiri zapansi zija zogwirizitsa chitsulo cha mfuti ku thako, apa ndiye ambiri amalakwa. Ine ndinamangapo ndi mphamvu zanga zonse ngati ndikumanga tayala, ndinangomva the! Ndalama zinapita. Bwereka torque wrench, spanala yoyeza mphamvu yomangira, umange pa mlingo umene opanga alemba m'kabuku.

Ikanyowa, masula, uumitse kunsi kwa mpope wa mfutiyo. Kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu kapena chitsulo pali chinyezi, chimadyeka ndi chitsulocho, ndipo thukuta la m'manja limafulumizitsa.

Usaboole kapena kupala ndi sandipepa wekha, fumbi lake n'loipa m'chifuwa. Aa, ndafika, nditsike kaye. Loweruka ndibwera ndi spanala ija.