Kugula puloti si kukweza chuma cha dziko

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero ndaima pa Area 18 muno mu Lilongwe, kumbuyo kwangaku mukuona msewu wodutsa pamwamba pa unzake uja. Tikamba za nambala imodzi imene imationetsa ngati dziko likudzala kapena likungokazinga mbewu.

Mwachangu. Pa zonse zimene dziko lapanga pa chaka, zomwe amati GDP, zina timadya, zina timaika mu katundu wokhalitsa wotithandiza kupanga zinthu zina: misewu, milatho, mafakitale, mathirakitala, nyumba zatsopano. Akatswiri amati gross fixed capital formation, ndipo kwathu kuno amawerengera ndi a National Statistical Office ku Zomba. Pa dziko lonse lapansi gawoli limakhala pafupifupi 25 peresenti ya GDP, pomwe China yakhala ikupitirira 40 peresenti kwa zaka zambiri. Basi, tapita.

Tsopano bodza limene limandiwawa. Anthu amati, "A Malawi tikuika ndalama kwambiri masiku ano, taonani mmene mapuloti akuyendera malonda ku Airwing ndi kwa Njewa." Ayi, abale anga, ayi! Mukagula puloti, ndalama yachoka m'thumba mwanu yalowa m'thumba mwa wogulitsa. Malo aja analipo kale, agogo ake ankalimapo chimanga. Dziko silinapeze chatsopano chilichonse, dzina lokha ndi limene lasintha papepala.

Msuweni wanga ali ndi mapuloti atatu. Ndinapita naye kukaona imodzi: mabikoni anayi a simenti, udzu wofika m'chiuno, mbuzi za eni mudzi zikudya. Chaka chachisanu chino. Mtengo wake wakweradi, iye wapindula, sindikukana. Koma palibe mmisiri amene walandirapo malipiro pamenepo, palibe thumba la ufa limene latulukapo. Akanakumba maziko n'kumanga nyumba, akanaboola mjigo, akanaika chigayo, zimenezo ndiye zikanalowa mu nambala yathu ija. N'chimodzimodzi kugula nyumba yakale ku Area 47, kapena masheya kwa munthu mnzanu: mwangolandirana katundu.

Ndikudziwa ena mwakwiya kale. Lembani m'munsimu, ndiwerenga zonse. Ndipo ngati simunadine subscribe, dinani pompano, kabelu kaja musakaiwale.

Nanga nambalayi muziiwerenga bwanji?

Choyamba, musaione m'makwacha, ioneni ngati gawo la GDP. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye makwacha amaoneka ochuluka ngakhale matumba a simenti ali omwewo.

Chachiwiri, ndipo apa tcherani khutu, mawu oti gross aja akutanthauza kuti sanachotsepo zimene zatha kapena kuwonongeka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima. Mukukumbukira mdima uja, owotcherera ku Biwi atangokhala manja lende tsiku lonse? Ndalama zomangiranso damu lija zimawerengedwa, inde, koma zinangotibwezera pamene tinali. Freddy mu Malichi 2023 anakokololanso milatho ndi misewu kum'mwera. Ndiye nambala ikakwera, funsani: tamanga chatsopano, kapena tikusoka chigamba?

Chachitatu, akumanga ndani, boma kapena amalonda? Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu 2024, amene amafuna ngongole ya makina anaganiza kawiri, poti makinawonso amafuna madola.

Funso la sabata yatha lija: galimoto yochokera ku Japan imawerengedwa? Ngati ndi minibasi yonyamula anthu a ku Area 25, eya. Ngati ndi yopitira kutchalitchi ndi banja, ayi, imeneyo ili m'gulu la zimene timadya zija. Vidiyo ya mawu oti GDP ndaiika pamwambapa, kaioneni. Lachisanu tili ku Salima, pa magetsi a dzuwa a mamegawati 60 aja.