Kudinda zithunzi ndi thabwa, tisanakapachike pamodzi

Anzanga a ku Ulongué, ku Tsangano ndi inu a ku Moatize, mwaswera bwanji? Mvetserani mpaka kumapeto, tikukonzekera chiwonetsero cha gulu lathu, ndipo nkhani ndi ya xilogravura, kusema chithunzi pathabwa n'kuchidinda papepala, luso lija limene linatchukitsa Matias Ntundo wa ku Cabo Delgado.

Thabwa kaye. Paini ndi wofewa, amasemeka msanga, koma mizere yopyapyala imabenthuka. Mlombwa, umene ena mumati umbila, umasunga mzere bwino, bola goiva, chitsulo chosemera, ikhale yakuthwa. Likwecheni ndi lixa (sandipepa) ya nambala 220 mpaka lisalale. Pojambula kumbukirani kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka, ndiye ngati pali mawu, alembeni chobwerera m'mbuyo, muwaone pagalasi loyang'anira musanaseme. Goiva ya V ndi ya mizere, ya U ndi yochotsera malo aakulu. Kuya kwa mamilimita 2 kwakwana. Dzanja logwira thabwa likhale kumbuyo kwa goiva nthawi zonse.

Tsopano inki, pamene ambiri timalakwitsa. Gwiritsani yamafuta, ija ya m'nyumba zosindikizira. Tapani pang'ono, ngati njere ziwiri za nyemba, muike pa chidutswa cha galasi. Yendetsani rolo, chogudubuza chopakira inki, uku ndi uku pagalasipo mpaka imveke kuti sii, sii. Ikamveka tchapa tchapa, yachuluka, ndipo idzadzaza mizere yanu yonse, chithunzi chisanduke chithaphwi chakuda. Ikachepa, chithunzi chimatuwa. Pakani pathabwa mopyapyala katatu, osati kamodzi mochindikala.

Yalani pepala pathabwa kamodzi kokha, osalisuntha. Tikitani ndi kumbuyo kwa supuni mozungulira, kuyambira pakati. Kwezani ngodya imodzi muone, dzanja lina litapsinja pepala. Pamene patuwa, bwezani mutikitenso. Likasuntha, mizere imatuluka iwiriiwiri, pepalalo latayika.

Yanikani pachingwe m'nyumba masiku atatu, kapena kuposa pa nthawi yozizira ya June ku Angónia kuno. A ku Moatize, tsekani mawindo, fumbi la malasha likamatirira pa inki yaiwisi silichokanso. Rolo ndi galasi tsukani ndi parafini tsiku lomwelo.

Za chiwonetsero, tonse tidinde pa pepala la A3 kuti khoma lioneke la gulu limodzi. Siyani malire oyera a masentimita 4. Pansi pa chithunzi lembani ndi pensulo, osati bolopeni: kumanzere nambala, monga 3/20 (chachitatu mwa zithunzi 20 zimene mwadinda), pakati mutu, kumanja dzina lanu. Mukalemba 20, musadzadindenso cha 21 chogulitsa, wogula amalipira podalira nambala imeneyo. Pokhoma, pakati pa chithunzi pakhale masentimita 150 kuchokera pansi, kutali ndi dzuwa. Aliyense abweretsenso thabwa lake, tilike patebulo, anthu aligwire aone kumene chithunzi chachokera.