Zengerezu adalinda kwawukwawu

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye?

Mawu olimbikitsa munthu kugwira ntchito sasowa. Makolo athu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa, ndipo adatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Pa Miyambo 14:23 timamva kuti ntchito iliyonse ili ndi phindu koma kungolankhula kumasaukitsa, pamene Mlaliki 11:4 akuchenjeza kuti woyang'anayang'ana mphepo sadzafesa, ndipo wopenya mitambo sadzakolola. Ambirife mawu amenewa tidawaloweza kalekale. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawu okoma amatha kumukhutitsa munthu ngati kuti ntchitoyo waigwira kale. Amawawerenga, n'kugwedeza mutu, n'kuwatumizira anzake pafoni, koma dzuwa limalowa chinthu chimene amayenera kuchita chikadali pomwepo.

Ambuye Yesu adaudziwa bwino mtima wotere. Pa Mateyu 21:28-31 adafotokoza za bambo amene adatuma ana ake awiri kukagwira ntchito m'munda wamphesa. Wina adakana, koma pambuyo pake adasintha maganizo n'kupita. Mnzakeyo adavomera mwaulemu ndithu, koma sadapondeko. Funso la Ambuye silidali lakuti adayankha bwino ndani, koma lakuti adachita chifuniro cha atate wake ndani.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa nkhani imeneyi ndi Nehemiya. Atamva kuti linga la Yerusalemu lidagumuka ndipo zipata zake zidapsa ndi moto, adakhala pansi n'kulira, adasala kudya, adapemphera. Sadathere pomwepo. M'chaka cha 20 cha ulamuliro wa mfumu ya Aperisi imene ankaiperekera chikho, adapempha chilolezo, makalata a paulendo ndiponso mitengo yomangira. Atafika ku Yerusalemu adakhala masiku 3, kenaka adadzuka usiku ndi anthu owerengeka, osauza aliyense zimene Mulungu adaika mumtima mwake, n'kuyendera lingalo mpaka adafika pamalo pamene nyama imene adakwera idasowa podutsa. Adayamba waona yekha kukula kwa ntchito asadatsegule pakamwa. Adani atayamba kuopseza, osenza katundu ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, dzanja lina litagwira chida. Awiri mwa adaniwo, Sanibalati ndi Gesemu, adamuitana kanayi kuti akakambirane, koma iye ankayankha chimodzimodzi, kuti ali pa ntchito yaikulu ndipo sangatsike. Lingalo lidatha m'masiku 52, monga mmene Nehemiya 6:15 akunenera.

Ineyo nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndidakhalapo miyezi yambiri ndikunena kuti ndipepesa kwa mbale wanga amene ndidamulakwira. Ndinkapempherera nkhaniyo, ndinkakonza mawu mumtima, nthawi zina ndinkafika potsegula nambala yake pafoni, chala chili m'mwamba, kenaka n'kuibweza m'thumba ndikudziuza kuti nthawi yabwino sinakwane. Tsiku limene ndidamuimbira mawu onse okonzedwa aja adandithawa, ndipo ndidangoti, "Achimwene, ndidakulakwirani, mundikhululukire." Adakhala chete pang'ono, kenaka adandiuza kuti akhala akudikira foni imeneyi nthawi yonseyi.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu mukuidziwa ntchito imene aliyense wa ife wakhala akuizengereza, kaya ndi ngongole yoti abweze, wodwala woti akamuzonde, kapena munthu woti akayanjane naye. Tipatseni mphamvu kuti tiiyambe lero dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.