Tikiti imagula chiyani? Mafanzi a Taylor Swift ndi malire a chikondi

[Chithunzi: matenti ang'onoang'ono m'mbali mwa mpanda wa bwalo la mpira]

Taonani matenti awa. Kuno ndi ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, kunja kwa bwalo la timu ya River Plate. Chaka ndi 2023, mwezi ndi wa June, ndipo kumeneko June amazizira ngati kwathu kuno. Amene akugona m'matentimu si othawa nkhondo ayi, komanso si anthu oti nyumba zawo zinapita ndi madzi osefukira. Ndi mafanzi a Taylor Swift, woimba wa ku America, akudikira shoo ya mu November. Werengani nokha miyeziyo: isanu.

Matikiti anali nawo kale. Chomwe ankalimbirana ndi malo akutsogolo, pafupi ndi steji. Ndipo sankangogona chigonere. Ankasinthana: wina apite kusukulu, wina kuntchito, wina atsale alondere tenti. Maola omwe aliyense wakhalapo ankalembedwa, kuti tsiku la shoo wa maola ambiri adzayambe ndiye kulowa. Palibe boma kapena kampani yomwe inawaikira lamuloli, anapangana okha.

[Wofotokoza aonekera]

Takulandirani, abale anga. Lero tikukamba za mafanzi: momwe amadikirira woimba wawo, ndi pomwe chikondicho chimayambira kununkha. Ndasankha ulendo wa Taylor Swift wotchedwa Eras Tour chifukwa mmenemo muli zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ulendowu unayamba pa 17 March 2023 ku Glendale, ku Arizona, n'kudzathera ku Vancouver, m'dziko la Canada, pa 8 December 2024. Mashoo 149. Shoo imodzi inkapitirira maola atatu, nyimbo zoposa 40. Ndalama za matikiti zinapyola madola 2 biliyoni, zomwe woimba wina aliyense anali asanafikepo pa ulendo umodzi. Kuno ku Africa sanapondeko, tisanamizane. Ife tinaonera pa foni, bandulo ikulira.

Chipwirikiti chinayamba nyimbo ndi imodzi yomwe isanaimbidwe. Pa 15 November 2022, kampani yogulitsa matikiti ya Ticketmaster itatsegula malonda, makina ake analephera kupirira. Anthu pafupifupi 3.5 miliyoni anali atalembetsa, ndipo matikiti oposa 2 miliyoni anapita tsiku limodzi. Ena anakhala maola pa mzere wa pa intaneti n'kutuluka chimanjamanja, madobadoba atasesa kale matikiti kuti akawagulitse pa mtengo woboola thumba. Nkhaniyi inakafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya America, komwe aphungu a Senate anaikambirana mu January 2023.

Mfundo iyi muisunge, chifukwa tibwererako. Munthu amene wavutika chonchi kuti apeze tikiti amalowa m'bwalo ali ndi kamtima koti, "Ndalipira, ndavutika, lero zonse ndi zanga."

[Chithunzi: manja odzaza zibangili za mikanda]

Tiyambe ndi zokoma. Mafanzi a Taylor, omwe amadzitcha ma Swifties, anatenga mzere umodzi wa nyimbo ya m'chimbale chake cha 2022 n'kuusandutsa mwambo. Masabata angapo shoo isanafike amakhala pansi kutunga mikanda ya zilembo, n'kupanga zibangili zambirimbiri. Akafika kubwalo amasinthana ndi anthu omwe sanawaonepo. Alonda amalandira, ogulitsa madzi amalandira, ngakhale bambo yemwe wangoperekeza mwana wake amatuluka dzanja litalemera. Ku Seattle mu July 2023, kuvina ndi phokoso zinagwedeza nthaka moti makina oyezera zivomerezi anajambula ngati chivomerezi cha 2.3. Anthu ofanana mtima akachuluka, ngakhale dothi limamva.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chaka chomwecho cha 2023 kunabuka kachizolowezi koipa m'mashoo a oimba osiyanasiyana: kugenda. Pa 18 June ku New York, mwamuna wina anaponya foni n'kumenya woimba Bebe Rexha pankhope. Anagwada pa steji pomwepo, anathamangira naye kuchipatala ndipo anamusoka pafupi ndi diso. Woponyayo anamangidwa. Patangopita masiku awiri, ku Los Angeles, wina anakwera pa steji n'kumenya mbama Ava Max. Ku London wina anaponyera Pink kathumba ka phulusa la mtembo wa mayi ake, woimbayo n'kusowa chonena. Mu July, Harry Styles anagendedwa m'diso ku Vienna.

Mwina mukufunsa kuti, munthu n'kuponyeranji foni yake yomwe, yodula chonchija? Ambiri amafuna kuti woimba aitole, adzijambule, n'kuibweza. Kakanema ka masekondi khumi kameneko kakapita pa TikTok, iwe watchuka sabata yonse. Ndiye kuti munthuyo sanabwere kudzaonera shoo. Wabwera kudzatenga kachidutswa ka woimbayo kuti akaonetse anzake.

Wina anena kuti, "Nanga ife sitiponya ndalama woimba akatikhudza mtima?" Zoona, timafupa, ndipo pa ukwati perekaniperekani ndiye mwini tsiku. Koma taganizani momwe kufupa kumachitikira. Umavina poyera, aliyense akukuona, woimbanso akukuona ukubwera. K1,000 ya pepala sinang'ambepo chikope cha munthu. Foni yochokera mumdima, woimba atathobwa ndi magetsi a pa steji, imeneyo ndi mwala basi.

Taylor naye zinamupeza, ku Buenos Aires komwe kuja kwa matenti. Wina ataponya mphatso pa steji, iye anaima kaye pa piyano n'kupempha mofatsa kuti asamatero. Anati zimamuchititsa mantha, chifukwa wovina akhoza kupunthwa n'kugwa. Taonani kuti sanadzitchule yekha, anatchula ovina. Pa steji paja pali anthu ambiri omwe ali pa ntchito, ndipo bondo la wovina ndiye khasu lake.

[Chithunzi: msewu wodzaza anthu usiku, mafoni ali m'mwamba]

Tsopano tichoke m'bwalo, chifukwa nkhani yovuta kwenikweni ili kunja. Mu August 2023 Taylor anapita ku Long Beach Island, ku New Jersey, ku ukwati wa mnzake Jack Antonoff, yemwe wamujambulira nyimbo zambiri. Usiku woti mawa ndi ukwati, akudya ndi achibale a eni ukwati, mbiri inawanda pa masamba a mchezo. Posakhalitsa anthu mazanamazana anadzaza msewu kunja kwa malo odyerawo, mpaka apolisi anachita kubwera kudzatseka njira. Ukwati wa eni ake, koma maso onse ali pa mlendo. Ma Swifties ambiri anachita nazo manyazi ndipo anadzudzula anzawowo poyera.

Chaka chotsatira, mu August 2024, woimba wina wachitsikana, Chappell Roan, yemwe anali atangotchuka kumene, analankhula mosapsatira. Anati akakhala pa steji kapena pa zochitika za ntchito yake, ali pa ntchito. Kwina konseko waweruka. Anapempha anthu kuti asiye kumugwira, asiye kumulondola, asiye kusakasaka abale ake, ndiponso asamamuitane ndi dzina lake lobadwa nalo ngati kuti anakulira limodzi. Intaneti inagawikana pawiri. Ena anamuikira kumbuyo. Ena anati ndi wamatama, waiwala amene anamukweza, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ine pamenepa ndili mbali ya mtsikanayu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Ukamvera nyimbo za munthu zaka zisanu, ukudziwa tsiku lake lobadwa, dzina la mphaka wake, ngakhale chibwenzi chomwe chinamuliza, mtima umayamba kukunamiza kuti ndi mnzako. Koma ubwenziwo ukuyenda njira imodzi. Iwe ukumudziwa, iye sakukudziwa. Ukamuthamangira pamsewu, iwe ukuona mlongo wako, iye akuona mlendo akumuthamangira. Ndipo sangadziwe kuti mlendoyo wabisa chiyani. Mu June 2016 ku Orlando, woimba Christina Grimmie, wa zaka 22, anawomberedwa akusainira mafanzi shoo itatha, ndipo anamwalira. Anamupha ndi munthu yemwe ankamutsatira mopyola muyeso. Oimba anzake nkhani imeneyi saiiwala.

Tikiti ija munavutikira inagula mpando ndi maola atatu a nyimbo. Sinagule thupi la woimba, sinagule chakudya chake chamadzulo, sinagulenso amayi ake.

Palinso ulonda wosatumidwa wa pa intaneti. Wina akangonena kuti nyimbo yakuti sinandisangalatse, gulu limamugwera ngati njuchi. Ku Minneapolis mu June 2023, Taylor anachita kuuza mafanzi ake ali pa steji kuti safunika kumutchinjiriza pa intaneti kwa anthu omwe akuganiza kuti anawaimba m'nyimbo zaka zambiri zapitazo. Mwini wake zinamuthera kalekale, koma olira maliro a eni akadali kubuma.

[Chithunzi: khamu la anthu lojambulidwa kuchokera m'mwamba]

Mbali yomwe ndikufuna muimvetsetse kwambiri ndi iyi. Woimba ali ndi alonda, ali ndi galimoto yomudikira kuseri. Amene alibe womuteteza m'bwalo muja ndi munthu waima pambali panuyo.

Pa 17 November 2023 ku Rio de Janeiro kunatentha koopsa. Kutentha komwe thupi limamva kunafika pa madigiri 59. Anthu anali ataima padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo pageti sankaloledwa kulowa ndi mabotolo a madzi. Shoo ili mkati, mafanzi akutsogolo anayamba kukuwa pamodzi kuti akufuna madzi. Taylor anaimitsa nyimbo n'kuloza komwe madziwo apite. Koma mtsikana wina wa zaka 23 anali atakomoka kale kumayambiriro kwa shoo, ndipo anamwalira. Madokotala anapeza kuti chinamupha ndi kutentha. Shoo ya mawa lake inaimitsidwa, ndipo boma la Brazil linalamula kuti m'mashoo akuluakulu anthu aziloledwa kulowa ndi madzi komanso azipatsidwa aulere. Apa cholakwa sichinali cha mafanzi. Iwo ndi amene anakuwira anzawo.

Ku Brixton, mu mzinda wa London, zinali zina. Pa 15 December 2022, woimba wa ku Nigeria, Asake, anali ndi shoo m'holo yolowa anthu pafupifupi 5,000. Kunja kunasonkhana chikhamu, ndipo ena anayamba kukankha zitseko kuti alowe. Anthu anapanikizana pakhomo. Mayi wa zaka 33, wa ana awiri, anamwalira, komanso mlonda wa zaka 23. Holoyo inatsekedwa kupitirira chaka. Ku Houston mu November 2021, pa shoo ya Travis Scott, anafa anthu 10, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 9.

Timakonda kunena kuti anthu anapondana, koma nthawi zambiri si mmene zimakhalira. Ambiri amafa ali chiimire. Anthu akathithikana kwambiri, chifuwa chimasowa malo ofutukukira, munthu n'kulephera kukoka mpweya. Choopsa n'chakuti amene akukankha kumbuyo sadziwa chilichonse. Iye akungosuntha phazi limodzi kuti aone bwino, koma phazi limodzi la anthu chikwi likafika kutsogolo kuli mpanda wachitsulo limakhala ngati lole.

Ndiye mukadzapezeka pa chikhamu chotere, kaya ndi kubwalo la FNB ku Johannesburg, kaya ndi kunyanja pa phwando la zoimbaimba, mukaona kuti simungathenso kukweza dzanja kukanda pamphuno, nthawi yochoka yakwana. Ikani mikono patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti mupeze popumira. Musalimbane ndi khamu, tulukani cham'mbali pang'onopang'ono. Foni ikagwa isiyeni. Munthu akagwa, mudzutseni msanga, ndipo kuwani mpaka alonda amve. Komanso inu aataliatali, kamtsikana kali kumbuyo kwanuko nako kanalipira. Chikwangwani chanu cha "ndimakukonda" chikwezeni kamphindi, kenako chitsike.

[Chithunzi: phiri lobiriwira lodzaza anthu, bwalo likuoneka chapansi]

Chithunzi chomaliza ndi ichi. Kuno ndi ku Munich, m'dziko la Germany, kumapeto kwa July 2024. M'bwalo la Olympiastadion munali anthu pafupifupi 74,000. Pafupi ndi bwaloli pali kaphiri kotchedwa Olympiaberg, komwe kanapangidwa ndi zigumukire za nyumba zomwe zinagwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amene analephera kupeza matikiti, anthu pafupifupi 40,000, anakwera pamenepo. Anabwera ndi mabulangete, zakudya ndi zibangili zawo, ena kuyambira m'mawa, n'kukhala pa udzu. Woimbayo ankaoneka ngati kanyerere, koma mawu ankafika, ndipo ankaimba nawo nyimbo iliyonse.

Taylor ali pa steji anauza a m'bwalomo kuti kunja kuli anthu zikwizikwi akumvetsera, n'kuwapatsa moni a paphiriwo.