Usiku umodzi sunanene zonse za tulo tanga

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Ndikulankhula kuchokera ku Leeds, ku England, ndipo lero ndikufuna kukamba za matenda obanika kutulo, amene kuno amawatcha sleep apnea, makamaka za mmene amawayezera.

Kwathu munthu akamaliza mkonono timangoti watopa ndi ntchito. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mayi akunyumba atandiuza kuti amakhala maso akuwerenga masekondi amene mpweya wanga waima, kenako n'kundigwedeza paphewa kuti ndipume.

Adokotala anayamba ndi mafunso a Epworth, amene anakonzedwa ku Melbourne, ku Australia, mu 1991. Amakufunsa za malo 8 amene munthu angasinzepo, monga poonera wailesi yakanema kapena m'galimoto, ndipo mapointi onse amafika 24. Vuto lake n'lakuti ife ogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba timasinza kale masana, moti pepalalo silingasiyanitse tulo ta shifiti ndi tulo ta matenda. Ndivomerenso kuti mayankho ena ndinawachepetsa poopa kulandidwa laisensi yoyendetsera galimoto, chifukwa kuno amene wapezeka ndi vutoli pamlingo wapakati kapena waukulu, komanso akusinza kwambiri masana, ayenera kudziwitsa a DVLA, bungwe loona za malaisensi a galimoto.

Kenako anandipatsa makina okagona nawo kunyumba: lamba wa pachifuwa, timachubu ta m'mphuno ndi kachipangizo kopana chala koyeza okosijeni m'magazi. Amawerenga nthawi iliyonse imene mpweya waima kapena kuchepa kwa masekondi 10 kupita m'tsogolo. Zikachitika kosakwana ka 5 pa ola amati uli bwino, kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 lapakati, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi lalikulu. Ine kalata inabwera yonena kuti ndili bwino.

Koma usiku umenewo ndinagona maola atatu okha, popeza thupi langa linazolowera kukhala maso, ndipo nthawi yotsalayo ndinkangoyang'ana kudenga timachubu tikundinyerenyetsa m'mphuno. Makina ambiri a kunyumba sayeza ubongo, choncho sadziwa ngati munthu ali m'tulo kapena ali maso. Amagawa kubanikako ndi maola onse amene anali oyatsa, ndipo nambala imatsika popanda chifukwa chenicheni. Palibe amene anandifunsa kuti ndinagona maola angati.

Palinso nkhani ya khungu lathu. Mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti kachipangizo ka pachala kamaphonya kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Iwo anayeza odwala ogonekedwa m'chipatala, koma kwa ine zimenezi n'zokwanira kuti ndisamakhutire ndi nambala ya pachala yokha.

Mayi akunyumba anajambula kagonedwe kanga pa foni, ndipo tinabwerera nako kwa adokotala. Patapita miyezi yodikira ndinakagona kuchipatala, atandimata mawaya kumutu, pafupi ndi maso, pachibwano ndi m'miyendo, kuti aone nthawi yeniyeni imene ndili m'tulo. Kumeneko nambala yanga inapitirira 15, makamaka ndikagona chagada. Tsopano ndimagona ndi makina a CPAP, opopera mpweya kuti njira yopumira isatsekeke, ndipo mutu umene unkandipweteka podzuka unasiya.