Tom Tyler, pulofesa wofufuza chifukwa chomwe anthu amamvera malamulo

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo nonse mwabwera. Akumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Lero ndikufuna tikambirane za bambo wina wa ku America, dzina lake Tom Tyler, yemwe zaka zoposa 40 wakhala akulimbana ndi funso limodzi basi, loti kodi munthu amamvera lamulo chifukwa chani. Ambirife mutatifunsa tiyankha msanga kuti ndi mantha, kuopa ndende, kuopa chindapusa, kuopa unyolo wa apolisi. Iyeyu anapeza kuti mantha alipo inde, koma mphamvu yake ndi yochepa kusiyana ndi mmene timaganizira.

Anabadwa mu 1950, digiri yoyamba anatenga ku Columbia University mu 1973 kenako PhD, digiri yapamwamba kwambiri, ku yunivesite ya UCLA, ku California, mu 1978. Ndiye mumve bwino apa, munthuyu sanaphunzire za uloya ayi, anaphunzira saikoloje, makamaka mbali yoona mmene munthu amaganizira komanso kuchitira zinthu akakhala pakati pa anzake. Pomwe iye amayamba ntchito kunali kale akatswiri awiri, John Thibaut ndi Laurens Walker, omwe mu 1975 anaonetsa kuti anthu amakhutira ndi chigamulo akapatsidwa mpata ofotokoza mbali yawo, koma iwowa amayesera pa milandu yongoyerekeza, ambiri oyesedwawo ali ana a sukulu a pa yunivesite. Tyler anafuna kumva kwa anthu wamba omwe anakumanadi ndi wapolisi pamsewu kapena anaimadi mu khothi.

Nthawi imeneyo amaphunzitsa ku Northwestern University, kufupi ndi mzinda wa Chicago. Mu 1984 gulu lake linaimbira foni anthu 1,575 a mu Chicago momwemo, ndipo patatha chaka anaimbiranso anthu 804 mwa omwe aja kuti aone ngati chasintha chilipo. Mafunso ake sanali a milandu ikuluikulu ayi, anali a tinthu ta tsiku ndi tsiku: kodi mumathamangitsa galimoto kupyola liwiro lololedwa, mumaimika galimoto posayenera, mumataya zinyalala paliponse, mumasokosera maneba, munayendetsapo mutamwa, munatengapo kanthu mu shopu osalipira. Kenako amawafunsa kuti mutakumana ndi apolisi kapena oweruza zinayenda bwanji, anakutengani bwanji.

Zomwe zinatuluka anazilemba mu buku la 1990 lotchedwa Why People Obey the Law. Anthu omwe amaona kuti apolisi ndi makhothi ndi oyenera kuwamvera, komanso omwe mtima wawo umawauza kuti chinthucho nchoipa, ndi amene amasunga lamulo kwambiri, ndipo zimenezi zimalemera kuposa kuopa kugwidwa. Nanga chimachititsa munthu kuona kuti oweruza ndi oyenera kuwamvera ndi chani? Apa ndi pomwe ine nkhaniyi imandigwira mtima, chifukwa anapeza kuti sikuwina mlandu kokha ayi, ndi mmene mlanduwo wayendetsedwera, moti munthu atha kuluza koma nkupita kwawo akulemekezabe bwalo.

Taganizani za mkangano wa malire a munda. Agogo abwera pabwalo, akhala pansi pa mtengo, ayamba kufotokoza kuchokera kutali, za chulu chomwe malemu amuna awo amalimira mpaka pamenepo, za mtengo wa mango omwe unadulidwa, ndiye wina awadula pakamwa kuti agogo fupikitsani nthawi yatha, anthu nkuseka. Ngakhale chigamulo chitakhala cholondola bwanji agogo aja sachilandira, ndipo adzukulu awo chaka chamawa azazula zikhomo usiku. Koma akawasiya amalize, oweruza nkubwereza zomwe anena kuonetsa kuti zamveka, nkufotokoza poyera kuti tagamula chonchi chifukwa cha umboni wakutiwakuti ndipo wina aliyense tikanamugamula chimodzimodzi, agogo apita akudandaula inde koma mtima sukhala ndi chidani chija. Tyler amati zofunika ndi zinayi, munthu ayankhule nkumvedwa, oweruza asakondere, munthu apatsidwe ulemu, komanso aone kuti oweruzawo akumufunira zabwino osati kungofuna athane naye.

Ntchito yake inamuyendetsa. Mu 1990 anapita ku Berkeley, mu 1997 ku New York University, ndipo mu 2012 Yale Law School, sukulu yotchuka ya maloya, inamutenga kuti aziphunzitsa kumeneko munthu oti si loya. Pakati apo iye ndi katswiri mnzake Yuen Huo anafunsa anthu a m'mizinda ya Oakland ndi Los Angeles ku California, azungu, anthu akuda ndi a Latino, omwe kwawo kochokera ndi maiko a ku Latin America, ndipo magulu onsewa amayang'ana chinthu chomwecho, kuti anandilemekeza kodi, anandimvera kodi, kungoti akuda ndi a Latino ndi omwe amanena kawirikawiri kuti sanawatenge bwino. Mu 2014 wapolisi atawombera mnyamata wachikuda Michael Brown mu tauni ya Ferguson ku America konko anthu nkukwiya m'misewu, komiti yomwe pulezidenti Obama anakhazikitsa kuti ione za upolisi inaika nkhani yomweyi ya chikhulupiriro pakati pa apolisi ndi anthu patsogolo penipeni mu lipoti lake la 2015. Mu 2024 Tyler analandira mphoto ya akatswiri ofufuza za umbanda yotchedwa Stockholm Prize in Criminology pamodzi ndi katswiri mnzake Gary LaFree.

Koma ndisakunamizeni kuti aliyense anangovomera. Akatswiri ena amati kafukufuku wambiri wa mtunduwu ndi ongofunsa mafunso, ndiye nkovuta kutsimikiza kuti ulemu wa wapolisi ndi omwe wasinthadi khalidwe la munthu. Ndipo wina wa ku Ghana, Justice Tankebe, atafunsa anthu a ku Accra anapeza mu 2009 kuti kumeneko chomwe chimapangitsa anthu kuthandizana ndi apolisi kwambiri ndi kuona kuti apolisiwo akugwiradi ntchito yoteteza anthu. Zimenezi ine ndimazimvetsa, munthu akubereni mbuzi katatu, mukanene, akulandireni mwaulemu koma osabwera olo tsiku limodzi, kachinayi simupitanso. Ndiye ulemu okha sukwanira, ntchito nayo iziwoneka. Palinso choopsa china, kumusiya munthu ayankhule pomwe chigamulo munapanga kale dzulo kuseri, ameneyo akazazindikira amakwiya kuposa yemwe simunamufunse nkomwe.

Inu a komiti ya sukulu, a community policing, a banki mkhonde omwe mumagamula za mnzanu olephera kubweza ngongole, nonsenu mumaweruza anthu sabata ndi sabata ngakhale mulibe mkanjo wa jaji. Ndikufuna tigawane m'magulu tsopano, gulu lililonse litenge mlandu umodzi omwe munaweruzapo, osatchula maina a anthu chonde, muwone kuti oluza uja anapatsidwa mpata omaliza mawu ake kapena ayi, komanso ngati anauzidwa chifukwa chake. Amfumu, ndipempha gulu lanu liyambe ndilo kutifotokozera tikabwerera.